Nkhokwe ya mkota ili pamsana

Dandaulo la oweta nkhumba kuno ku Chinguluwe limafanana khomo ndi khomo. Mkota unaswa bwinobwino ana 9, unayamwitsa, anawo anagulitsidwa, koma miyezi iwiri yadutsa usakufuna mphongo. Wina wake anaukweretsa, patatha masabata atatu unabwereza. Winanso wake unatenga bere ndithu, koma tsiku lakuswa munatuluka tiana 4, tiwiri tosatha n'kuima komwe. Mlandu umagwera mphongo ya pa khomo loyandikana, akuti yakalamba, ndipo kukakhala kuti panali mangawa, umagwera munthu. Nthawi zambiri mphongoyo imangofera za eni. Zinthu zinalakwika kale, ana akuyamwabe, m'chodyera cha mkotawo.

Kuti timvane, tiyambire pa chinthu chimene aliyense wa kuno amachidziwa, chaka cha njala. Tengani mabanja awiri oyandikana minda. Banja loyamba lafika Disembala nkhokwe ili ndi kanthu. Mvula yoyamba ikagwa, onse amalowa m'munda mwawo, kubzala pa nthawi, kupalira udzu usanakule. Banja lachiwiri nkhokwe inatha mu Okutobala. Mvula yomweyo ikagwa, bambo ndi mayi amadzukira ku ganyu m'minda ya eni kuti ana adye usiku umenewo. Munda wawo amaufika mochedwa, otopa kale, amabzala mbewu yotsalira, kupalira kumachitika udzu utafika m'chiuno. Pokolola, ngolo siyidzadza n'komwe. Sikuti banja limeneli ndi laulesi, ayi, lagwira ntchito kuposa linzake. Kungoti mphamvu zake zonse zinathera kudyetsa ana a lero, munda wa chaka chamawa n'kutsalira.

Mkota woyamwitsa uli ngati banja limenelo. Nkhokwe yake ndi mafuta ndi mnofu umene uli pamsana, m'nthiti ndi m'ntchafu. Ana a lero ndi aja akukanganirana mawere. Munda wa chaka chamawa ndi tiziwalo tiwiri ta m'mimba topanga mazira, m'mene mudzachokere bere lotsatira. Ndipo thupi la nkhumba linasankha kale mbali: mkaka ndiwo umayamba, zina pambuyo. Mukaupatsa chakudya chochepa, mkota susiya msanga kutulutsa mkaka. Umatapa m'nkhokwe.

Anthu ambiri sadziwa kukula kwa katundu amene mkota umasenza. Mkota wa mtundu wa Large White kapena Landrace wodya bwino umatha kutulutsa malita 8 mpaka 10 a mkaka pa tsiku, ndipo mkakawo uli ndi mafuta ochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa ng'ombe. Kuti kamwana kawonjezere kilogalamu imodzi pathupi, kamayamwa pafupifupi malita 4. Nkhumba zamakolo zakuda zija zimatulutsa wocheperapo, komanso matupi awo ndi aang'ono, choncho mtolo wake umalemera chimodzimodzi. Mkakawu umafika pachimake cha m'sabata yachitatu. N'chifukwa chake mkota umene umaoneka bwino sabata yoyamba umadzadzidzimutsa mwini wake mwezi ukamatha, utasanduka mafupa okhaokha.

Kutapa pang'ono m'nkhokwe si vuto, ndi ntchito yake nkhokwe. Mkota uliwonse woyamwitsa umatsikako thupi. Vuto limabwera mafuta akatha n'kuyamba kudya mnofu. Mkota ukataya choposa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, mwachitsanzo makilogalamu 15 pa mkota wa makilogalamu 150, kubereka kumayamba kusokonekera.

Zimachitika motere. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kamene kamatumiza m'magazi homoni yotchedwa LH. Homoni imeneyi ndi imene imalamula mazira kuti akhwime ndi kutuluka. Nthawi yonse imene ana akuyamwa, kukokakoka kwa mawere kumatumiza uthenga ku ubongo woti LH ichepe, n'chifukwa chake mkota woyamwitsa sufuna mphongo. Mukangochotsa ana, chotchingacho chimachoka, LH imakwera, ndipo mkota wathanzi umafuna mphongo pakati pa tsiku la 4 ndi la 7. Koma ubongo sumvera mawere okha. Umamveranso insulini ndi mahomoni ena amene amakwera nkhumba ikakhuta n'kutsika ikamagona ndi njala. Akakhala otsika kwa masabata ambiri, LH imadzuka mwaulesi ngakhale ana atachoka. Mkota uja umatha masabata atatu, mwezi, mwina kuposera apo, uli phee. Nthawi zina umafuna mphongo mobisika, osaonetsa zizindikiro, mwini wake n'kuphonya.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mazira amene adzatuluke mkota ukakweredwa sayamba kukula tsiku lochotsa ana. Timatumba tawo timayamba kukula mkota ukuyamwitsabe, makamaka m'masabata awiri omaliza. Ndiye kuti munda uja umalimidwa banja lili pa ganyu. Mkota wanjala umakhwimitsa mazira ochepa, ndipo ochepawo amakhala osiyana mphamvu. Mphongo ikhoza kukhala yabwino chotani, koma ena mwa mazirawo safika patali, amafera m'mimba mwezi woyamba bere lisanaoneke n'komwe. Akafa onse, mkota umabwereza pakatha masiku 21 kapena kupitirirapo. Akatsalako ochepa, ndi aja ana 4 osiyana misinkhu. Choncho chakudya chimene munaumana mkota mu Novembala, zotsatira zake mudzazionera pa kuswa kwa mu Epulo, mutaiwala kale.

Wovutika kwambiri ndi msoti woswa koyamba. Iwo sunamalize kukula, mimba yake ndi yaing'ono, nkhokwe yake sinadzadzepo chiyambire. Uli ngati banja latsopano limene njala yalipeza chaka choyamba. Alimi ambiri amadabwa kuti msoti unaswa ana 8 koyamba, kachiwiri n'kuswa 5, pomwe amayembekezera kuti awonjezekera. Ena amafika pougulitsa kwa okazinga nyama pa msika kuti ndi wosabereka, pomwe unangofunika chakudya ndi mpumulo. Msoti wotere ukatuluka m'kuyamwitsa utatheratu, nzeru yabwino ndi kulola kuti nyengo yoyamba yofuna mphongo idutse, muudyetse bwino, mudzaukweretse pakatha masiku 21. Mutaya masabata atatu koma mupeza ana.

Nanga nkhokweyo muidziwa bwanji kuti mwatsala zingati? Sikelo ya nkhumba kumudzi kulibe, ndipo maso amanamiza, makamaka pa nkhumba yaubweya wambiri kapena yotupa mimba ndi masamba. Sikelo yanu ndi chikhatho. Mkota ukamadya, imani pambali pake, ikani dzanja pamwamba pa mafupa a m'chiuno, pafupi ndi pamene payambira mchira, kenako yendetsani pa fupa la msana ndi pa nthiti. Mafupa akamaonekera ndi maso, msana uli ngati mpeni, pansi pa mchira pali dzenje, nkhokwe yatha, ndipo akatswiri a ziweto amaupatsa 1 pa muyeso wa 1 mpaka 5. Mukamawamva mafupawo mutangogusa osakanikiza, ndi 2. Mukawamva pokhapokha mutakanikiza ndi chikhatho, ndi 3. Mukakanikiza osawamva, ndi 4, ndipo 5 ndi uja wonenepa mpaka mchira kumira m'mafuta. Mkota uzilowa m'kuswa uli pa 3 kapena kuposa pang'ono, uzituluka usanatsike kudutsa pakati pa 2 ndi 3. Kuyeza kumeneku sikutenga mphindi imodzi, ndipo mukamachita sabata iliyonse dzanja limazolowera.

Pano fanizo lathu lili ndi malire ake. Pakhomo, nkhokwe yosefukira sinapwetekepo munthu. Pa nkhumba imapweteka. Mkota wonenepetsa nthawi ya bere umavutika poswa, ana ena amafera m'njira, umagona mosasamala n'kupsinja tiana, ndipo chodabwitsa n'chakuti ukaswa sufuna kudya. Mafuta ochuluka amapha chilakolako cha chakudya pa nthawi imene ukufunika kudya kwambiri. Mapeto ake umatsika thupi mofulumira kuposa unzake wa thupi lapakati. Komanso ubongo uja suwerenga za m'nkhokwe zokha, umawerenga zimene zikulowa tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti ambiri timatembenuza zinthu. Mkota ukakhala ndi bere timausasatitsa chifukwa tikuyembekeza ndalama, ukangoswa maso onse amapita pa ana, mayi wawo n'kumalandira ndowa yomwe ija ya dzana. Zimayenera kukhala mosemphana: wa bere udye mwa muyeso, pafupifupi makilogalamu 2 pa tsiku, woyamwitsa udye mmene ungathere.

Muyeso umene alangizi amaphunzitsa ndi wosavuta kuusunga m'mutu. Makilogalamu 2 a mkota weniweniwo, kuwonjezapo theka la kilogalamu pa kamwana kalikonse. Wa ana 8 ndiye kuti makilogalamu 6 pa tsiku, ngati ndi wa mtundu waukulu, wamakolo umadya mocheperako. Osangoukhuthulira zonsezo tsiku loswa. Yambani pang'ono, muziwonjezera tsiku ndi tsiku kuti pofika kumapeto kwa sabata yoyamba ukhale wafika pa muyeso wake. Amene anagula Large White chifukwa cha kuchuluka kwa ana, awerengere bwino thumba la madeya, paja walira mvula walira matope.

Koma makilogalamu 6 a chiyani? Apa m'pamene madeya amatinamiza. Madeya a chimanga ali ndi mapuloteni pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse, pomwe mkota woyamwitsa umafuna 16 mpaka 18. Choipirapo, mapuloteni a chimanga ndi osauka pa mbali ina yofunika kwambiri popanga mkaka, yotchedwa laisini. Mkota wodya madeya okhaokha umakhuta ndithu, mimba ili ndendende, koma laisini wosowayo umakamutenga m'mnofu wake. Ndiyetu mumaona nkhumba yodya kawiri pa tsiku ikuondabe. Madeya osungunula m'ndowa yodzadza madzi, aja amaoneka ambiri pomwe ndi zikho ziwiri, ndiye chinyengo chenicheni. Yezani madeya ali ouma.

Mwayi wa kuno ndi wakuti zokonzera vutoli zili pafupi. Soya ndiye woyamba, koma azikazingidwa kaye mpaka atasiya kununkha chiwisi, osapsereza, kenako n'kugayitsa. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zotsekereza kugayika kwa mapuloteni m'mimba, ndipo mukhoza kuwononga ndalama nkhumba osapindula. Chachiwiri ndi nsomba. Zinyenyeswa za usipa ndi matemba zotsalira pansi pa thandala kapena m'matumba a ogulitsa, zimene ambiri sazilabadira ku Senga Bay ndi m'misika ya ku Salima, zili ndi laisini wambiri komanso kashiamu wa m'minga. Pa makilogalamu 20 a chakudya, 15 akhale madeya, 4 soya wokazinga, 1 nsomba zogaya, muikemo mchere magalamu 100 ndi laimu wa ziweto magalamu 200. Kasakanizidwe kameneka kamafika pafupi ndi zimene mkota ukufuna. Madeya a mpunga ochokera cha ku Lifuwu amathandiza kulowa m'malo mwa gawo lina la madeya a chimanga, bola asakhale odzadza mankhusu, ndipo musawasunge nthawi yaitali chifukwa mafuta ake amasasa msanga kukatentha. Kholowa, bonongwe ndi masamba a cham'mwamba ndi ndiwo zabwino zopatsa mavitamini, koma ndi ndiwo basi, sizilowa m'malo mwa nsima.

Chenjezo limodzi ndi la kwathu kuno makamaka. Chinguluwe inatchuka ndi thonje kuyambira nthawi ya sikimu m'masiku a Kamuzu, ndipo munthu akamva kuti ng'ombe zimanenepa ndi zotsalira za njere za thonje amaganiza kuti nkhumba nazo zipindula. Njere za thonje zili ndi poizoni wotchedwa gossypol. Ng'ombe yaikulu imatha kumugonjetsa m'chifu chake, koma nkhumba ayi. Amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono n'kuwononga mtima ndi chiwindi. Njere za thonje musapatse mkota. Zotsalira poyenga mafuta a mpendadzuwa kapena mtedza ndi zabwinoko, ngati zilibe chuku.

Za chukuzo ndiime pang'ono. Madeya a m'chigayo chokonola amatuluka achinyezi, ndipo akaikidwa m'thumba osayanika, masiku ochepa amatentha n'kuchita nkhungu. Timati nkhumba imadya chilichonse, n'zoona, koma chiwindi chake si chachitsulo. Mtundu wina wa chuku cha chimanga umatulutsa poizoni wonamizira homoni yachikazi. Kumaliseche kwa mkota kapena tiana tatikazi kumatupa n'kufiira ngati ukufuna mphongo, mphongo ikabwera osaimirira, kapena kukweredwa osatenga bere. Yanikani madeya pa mkeka mpaka aziyoyoka m'manja musanawasunge.

Ndiye pali kutentha, mdani wamkulu wa mkota wa m'mbali mwa nyanja. Nkhumba siituluka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Mkota woyamwitsa umamva bwino kutentha kukakhala cha m'madigiri 18 mpaka 22, zimene kuno timaziona makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Mu Okutobala ndi Novembala masana amadutsa 30 mosavuta. Pitani ku khola lofolera malata cha m'ma 1 koloko masana mukaone: mkota uli gone chammbali, kukamwa kuli yasa, nthiti zikukwera ndi kutsika, madeya a m'mawa ali pomwepo akuwira thovu, ntchentche zili ng'waa. Kugaya chakudya kumatulutsa kutentha m'thupi, choncho nkhumba imadziteteza posiya kudya. Mwini wake amati ndinaipatsa, yakana yokha. Zoona, koma ana akuyamwabe, ndipo nkhokwe ikutapidwa.

Mankhwala ake safuna ndalama zambiri. Chakudya chachikulu chiperekedwe m'bandakucha ndi madzulo dzuwa litapepa, ndipo kugawa katatu kapena kanayi kumaposa kuunjika kamodzi. Chinyowetseni chikhale ngati phala lolimba, zotsala muchotse zisanasase. Denga laudzu limaposa malata, ndipo ngati malata alipo kale, yalani udzu pamwamba pake. Masana thirani madzi pakhosi ndi pamapewa a mkota, osanyowetsa tiana chifukwa ito timafuna kufunda. Madzi akumwa ndiye nkhani yaikulu. Mkaka ndi madzi, ndipo mkota woyamwitsa umamwa malita 20 mpaka 30 pa tsiku, kukatentha kuposera apo. Imeneyo ndi ndowa imodzi ndi theka ya pa mjigo, ya nkhumba imodzi. Mkota waludzu sudya, ndipo mchere uja mwaika m'chakudya umasanduka poizoni madzi akasowa.

Nyengo yachiwiri yovuta ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene madeya amasowa m'zigayo, mtengo n'kukwera, ophika kachasu akuwafunanso, ndipo chaka chikavuta anthu eniake amadya omwewo. Mlimi wochenjera amagula ndi kuyanika madeya mu Juni ndi Julayi akali otchipa. Amawerengeranso masiku. Bere la nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, onse pamodzi masiku 114. Mukakweretsa mu Okutobala, dziwani kuti mukuitanira kuyamwitsa pakati pa njala, ndipo thumba likhale lilipo.

Njira ina yopulumutsira nkhokwe ndi kuchepetsa oidya. Ana akafika masabata awiri kapena atatu, atchingireni kangodya kamene mayi wawo sangalowe, muziikamo chakudya chosalala cha soya ndi ufa. Akazolowera kudya, kuyamwa kumachepa. Kumudzi ambiri timasiyitsa pa masabata 8, ena amangosiya mpaka mkota utawakana wokha pa miyezi itatu. Ngati ana akudya bwino ndipo mafupa a m'chiuno a mayi wawo ayamba kutuluka, asiyitseni pa masabata 6. Mukhozanso kuyamba mwachotsa akuluakulu awiri kapena atatu, ang'onoang'ono n'kutsala masiku ochepa. Musaiwale akuba a m'nkhokwe, njoka zam'mimba, nsabwe ndi mphere. Mkota ulandire mankhwala a njoka kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti uswe, ndipo za mtundu ndi muyeso wake funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya Chinguluwe.

Ana akachoka, pali mwambo wina woti mkota uumanidwe chakudya ndi madzi kuti mkaka uume. Usiyeni mwambo umenewo. Mkaka umauma wokha mawere akasiya kukokedwa. Masiku apakati pa kuchotsa ana ndi kukweretsa ndi oti mkota udye mokhuta, chifukwa ndi pamene mazira akumaliza kukhwima. Kuyambira tsiku lachitatu muziuyang'ana m'mawa ndi madzulo. Kumaliseche kumatupa, umalira mosakhazikika, ndipo chizindikiro chosanama ndi ichi: mukaukanikiza pamsana ndi manja awiri umaima nji, makutu ali tcheru, osasuntha. Fungo ndi kulira kwa mphongo yapafupi kumafulumizitsa zimenezi. Koma poyendetsa nkhumba khomo ndi khomo kumbukirani chigodola, chimene chilibe mankhwala ndipo chimatha khola lonse m'masiku ochepa. Kukamveka mphekesera ya matendawa m'dera, mkota usatuluke. Ukakweredwa, bwererani ku makilogalamu 2 aja, kuwonjezako pang'ono ngati uli woonda, kuti nkhokwe idzadze pang'onopang'ono m'miyezi ya bere.

Tiwerengere limodzi. Masiku 114 a bere, 56 oyamwitsa, 7 odikira mphongo, onse ndi 177. Mkota wotere umaswa kawiri pa chaka, kasanu ndi kamodzi pa zaka zitatu. Ukamachedwa masabata 6 nthawi iliyonse, masiku amakwana 219, ndipo pa zaka zitatu zomwezo umaswa kasanu. Kuswa kumodzi kwathunthu kwapita, osawerengera ana amene akuchepa pa kuswa kulikonse, ndipo masiku onse odikirawo mkota ukudya madeya anu osabweza kanthu. Soya ndi nsomba zofunika pa masabata 8 oyamwitsa n'zotsika mtengo kuposa ana amenewo.

Ngati muli ndi mkota woyamwitsa lero, madzulo ano ikani chikhatho pa mafupa ake a m'chiuno. Mukawamva osakanikiza, wonjezerani chakudya ndi madzi kuyambira mawa m'mawa, ndipo ana akakhala kuti akwana masabata 6, achotseni sabata ino.